MDIMA UPHA OYENDETSA NDEKE OSAZOLOWERA

Ndeke zazing'ono, zija zonyamula anthu anai kapena asanu ndi mmodzi, siziri zacilendo kwa anthu a m'midzi ya dziko lino. Zina zibweretsa madokotala a Zambia Flying Doctor Service, bungwe limene linayamba nchito yake mu 1965 ndipo likulu lake liri ku Ndola. Zina zinyamula alendo okaona nyama ku cigwa ca Luangwa, ndipo zina ndi za amishoni ndi za alimi a mafamu akuluakulu. Koma munthu ali yense wokhala pafupi ndi bwalo la ndeke la kumudzi anaonapo cinthu cimodzi: dzuwa likapendeka woyendetsa ndeke ayamba kuyang'anayang'ana wochi yake, ndipo likalowa akana kunyamuka, ngakhale ampemphe ndani.

Anthu ena ayesa kuti amenewa ndi mantha kapena ulesi. Ena afunsa kuti, popeza ndeke iri ndi nyali monga galimoto, nanga cimletsa nciani? Yankho lake lipezeka m'malipoti a akatswiri ofufuza ngozi za ndeke. Kawirikawiri akatswiriwo akatola zidutswa za ndeke yaing'ono imene yagwa usiku, apeza kuti inalibe cilema ciri conse. Injini inali kulira bwino, mafuta analimo, mapiko anali amphumphu. Cimene cinasokera cinali m'thupi mwa woyendetsayo, pakuti mumdima thupi la munthu linama, ndipo amene sanaphunzire kulikana amwalira nalo bodzalo.

ULENDO WA KU UKWATI

Ngozi imene inadziwitsa dziko lonse za bvuto limeneli inacitika ku America pa Cisanu, 16 July, 1999. Woyendetsa ndekeyo anali Bambo John F. Kennedy Jr, a zaka 38, mwana wa Pulezidenti John F. Kennedy amene anaphedwa ndi mfuti mu mzinda wa Dallas mu 1963. Anthu a ku America anawadziwa kuyambira ali kamwana ka zaka zitatu, pamene anajambulidwa akupereka ulemu wacisilikali kwa bokosi la maliro a atate ao.

Tsikulo Bambo Kennedy anali pa ulendo wa ku ukwati wa mlongo wao, mwana wa atate ao aang'ono, malemu Robert Kennedy. Anatenga akazi ao, Mai Carolyn Bessette-Kennedy, a zaka 33, ndi alamu ao, a Lauren Bessette, a zaka 34. Anapangana kuti atula alamu aowo pa cisumbu ca Martha's Vineyard, kenaka apitirire ku Hyannis Port kumene kunali ukwatiwo. Ndeke inali yaoyao, ya mtundu wa Piper Saratoga, ya injini imodzi ndi mipando isanu ndi umodzi, ndipo anali ataigula miyezi yosakwana itatu m'mbuyomo.

Bambo Kennedy analandira laisensi yoyendetsa ndeke mu April 1998. Pofika tsiku la ngoziyo anali atauluka maola pafupifupi 310, ndipo 55 mwa maolawo anali a usiku. Koma nthawi zambiri anali kuuluka ndi mphunzitsi pambali pao. Maola amene anauluka opanda mphunzitsi anali pafupifupi 72 okha, ndipo mu ndeke yatsopanoyo anali asanakwanitse ndi ola limodzi lomwe akuuluka usiku ali okha. Anali atayamba maphunziro oyendetsa ndeke moyang'ana zipangizo zokha, koma anali atatsiriza zigawo 12 mwa zigawo 25. Ndiponso kumayambiriro kwa June anathyoka kakolo wa mwendo wamanzere, ndipo pulasitala anamcotsa dzulo lake la ulendowo. Mphunzitsi wina anauza ofufuza kuti tsiku lomwelo anadzipereka kuwaperekeza, koma iwo anayankha kuti afuna kuyendetsa okha.

Colinga cao cinali ca kunyamuka kukali koyera, koma anacedwa, cifukwa madzulo a pa Cisanu magalimoto otuluka mu New York acuruka zedi pa mseu. Ndeke inacoka pa bwalo la Essex County, ku New Jersey, nthawi ya 20.38, dzuwa litalowa kale. Lamulo la ku America silinawaletse, pakuti kumeneko mwini laisensi yoyamba aloledwa kuuluka usiku malinga kunja kukuoneka, ndipo malipoti a nyengo ananena kuti kukuoneka mokwanira. Koma tsikulo kunatentha, ndipo mlengalenga munali cifunga copyapyala. Oyendetsa ndeke ena amene anapita njira yomweyo usikuwo anati pamwamba pa nyanja sikunali kuoneka pamene thambo lilekezera ndi pamene madzi ayambira. Wina amene anafuna kucoka pa bwalo lomwelo anayang'ana kumwamba, naleka ulendo wake.

MPHINDI ZOTSIRIZA

Poyamba zonse zinayenda bwino. Ndeke inakwera mamita pafupifupi 1,700 ndi kutsata gombe, kumene nyali za mizinda ndi za miseu zinali kuoneka pansi. Itapitirira malo ochedwa Point Judith inasiya mtunda nilowa pamwamba pa nyanja. Nyali zonse zinatsala m'mbuyo. Mwezi unali kacidutswa cabe, ndiponso unali pafupi kulowa.

Zimene zinatsatira zidziwika cifukwa ca makina ochedwa radar, amene atsata ndeke ziri mlengalenga ndi kulemba pamene ziri. Kutatsala makilomita oposa 50 kufika pa cisumbuco, ndeke inayamba kutsika monga mwa dongosolo. Nthawi ya 21.38 inakhotera kudzanja lamanja popanda cifukwa. Inaleka kutsika, niyamba kukwera. Inaongoka kanthawi, nikhotera kumanzere, nikweranso pang'ono, niyambanso kutsika. Pomaliza inakhotera kumanja kaciwiri, ndipo ulendo uno sinaongokenso. Kupendeka kunakula, liwiro linakula, kufikira inali kugwa mamita oposa 1,400 pa mphindi imodzi. Nthawi ya 21.41 isanakwane inamenya madzi ndi mutu. Pa wailesi sipanamveke mau ali onse opempha thandizo.

Asilikali a pamadzi anabvuula mitembo ya anthu atatuwo pa 21 July, pansi pa madzi akuya mamita 37, makilomita pafupifupi 12 kucokera ku gombe la cisumbuco. Bungwe la boma la America lofufuza ngozi, la National Transportation Safety Board, linatulutsa lipoti lake mu July 2000. Silinapeze cilema mu injini, m'mapiko kapena m'zipangizo, ndipo m'thupi mwa woyendetsayo munalibe mowa kapena mankhwala osokoneza bongo. Lipotilo linati Bambo Kennedy analephera kuongolera ndeke cifukwa anasokonezeka osadziwanso kumwamba ndi pansi, ndipo cifunga ndi mdima zinathandizira.

MADZI A M'KHUTU

Kodi munthu wamkulu, wanzeru zake, wosaledzera, angaiwale bwanji kumwamba ndi pansi? Munthu adziwa m'mene wakhalira mwa njira zitatu. Yoyamba ndi maso. Yaciwiri ndi khutu la mkati. Yacitatu ndi kulemera kwa thupi lake pa mapazi kapena pa mpando. Mwa zitatuzi maso ndiwo mfumu. Usana woyendetsa ndeke aona mzera uja wa kutali pamene thambo lioneka ngati lakumana ndi dziko, ndipo alinganiza mapiko ndi mzerawo osaganizira nkomwe. Mdima kapena cifunga zikafafaniza mzerawo, atsala ndi mboni ziwiri zija, ndipo mlengalenga zonse ziwiri ndi mboni zonama.

Mkati mwa khutu liri lonse, kupitirira pamene pafika nthenga yotokosera, muli timapaipi titatu topindika ngati zigwinjiri, todzala ndi madzi. M'timapaipimo muli titsitsi tating'onoting'ono. Mutu ukatembenuka, madziwo atsalira m'mbuyo ndi kukankha titsitsito, ndipo bongo umva kuti munthu akutembenuka.

Mai ali yense wotunga madzi adziwa khalidwe la madzi otere. Akazunguza ndowa, poyamba ndowa yokha ndiyo izungulira, madzi ali cikhalire. Pakapita kanthawi madzi ayamba kuyendera pamodzi ndi ndowa. Akaimitsa ndowa, madzi apitirizabe kuzungulira okha. Ndi cifukwa cake ana osewera mozungulirazungulira pabwalo akaima amva cizungulire ndi kugwa pansi: thupi laima, koma madzi a m'khutu akali kuyenda.

Mu ndeke zimenezi zibala zolakwa ziwiri. Coyamba, phiko limodzi likatsika pang'onopang'ono, madzi a m'khutu sagwedezeka konse, ndipo woyendetsa samva kuti ndeke yapendeka. Caciwiri, ndeke ikakhala ikukhota kwa masekondi ngati 20, madziwo ayendera pamodzi ndi mutu, ndipo bongo uyesa kuti kukhotako kwatha. Tsono woyendetsa akayang'ana zipangizo ndi kuongola mapiko, madzi aja akankhira mbali inayo, ndipo thupi lake lonse limuuza mwamphamvu kuti wapendekera kwina. Wosazolowera amvera thupi lake, nabwezera ndeke m'kupendeka komwe kuja, pakuti m'menemo ndimo akumva ngati waongoka.

Mpando nawo sumthandiza. Munthu akazunguza mbaula ndi waya wake kuti makala ayake, makalawo sagwa ngakhale mbaula izondoke pamwamba pa mutu wake. Momwemonso ndeke ikamakhota, thupi la woyendetsa likanikizidwa pa mpando molunjika, ngati kuti wakhala m'nyumba. Ngakhale madzi a m'kapu satayika.

Cotsatira cake ndico cimene radar inalemba usiku uja. Ndeke yopendeka sinyamulidwa mokwanira ndi mapiko ake, motero mutu wake uwerama ndipo iyamba kutsika. Woyendetsa amva mphepo ikulira kwambiri, aona cipangizo cosonyeza kutalika kwake kucokera pansi cikubwerera m'mbuyo, ndipo akokera ciongolero ku cifuwa, monga anaphunzitsidwa kucita pofuna kukwera. Koma ndeke ikakhala yopendeka, kukokako kungocepetsa bwalo limene ikuzungulira, ndipo igwa mofulumira koposa. Akawonjeza kukoka, awonjeza kugwa. Oyendetsa ndeke akucha kugwa kotere mzungulire wa ku manda. Mankhwala ake ndi apafupi kuwanena: kucepetsa mphamvu ya injini, kuyamba waongola mapiko, ndipo pambuyo pake kudzutsa mutu wa ndeke pang'onopang'ono. Koma munthu sangaongole mapiko amene sakhulupirira kuti apendeka.

Maso nawonso anyengeka mumdima. Nyali za mudzi wa patali zisakanikirana ndi nyenyezi. Moto wa chire woyaka motsetsereka m'mbali mwa phiri uoneka ngati ndiwo mzera wa malekezero a thambo, ndipo woyendetsa apendeketsa ndeke kuti ilingane nawo. Nyali imodzi yokha mumdima, munthu akaiyang'anitsitsa, ioneka ngati ikuyenda. Ndiponso ponyamuka, pamene liwiro likukula ndipo msana ukanikizidwa pa mpando monga m'basi yoyamba kuthamanga, thupi limva ngati mutu wa ndeke wadzuka mopitirira. Woyendetsa auweramitsa, ndipo ndeke yabwinobwino imenya mitengo ya kumapeto kwa bwalo.

MASEKONDI 178

Zinthu zimenezi zinadziwika kale. Asilikali awiri a ku America, William Ocker ndi Carl Crane, amene mu 1932 anasindikiza buku lophunzitsa kuuluka osaona kunja, anayesa nkhunda. Anazimanga m'maso ndi kuziponya kucokera mu ndeke, ndipo mbalamezo, zimene kuuluka ndi cibadwa cao, zinalephera kuuluka molunjika.

Mu 1954 yunivesite ya Illinois inayesa anthu. Inatenga oyendetsa ndeke 20 osaphunzira kuuluka ndi zipangizo, niwakweza mmodzimmodzi mu ndeke ya Beechcraft Bonanza, mphunzitsi ali pambali. Ali mlengalenga anawachinga kuti asaone kunja. Onse 20 analephera kuongolera ndeke, ndipo 19 mwa iwo analowa mu mzungulire uja. Wina anasokera patangopita masekondi 20, ndipo wolimbikira koposa anafika masekondi 480. Powerengera onse pamodzi, nthawi yake inali masekondi 178, ndiko kuti mphindi zitatu zosakwanira. Kufikira lero aphunzitsi a ndeke achula ciwerengero cimeneci kwa ophunzira ao.

Njira yopulumukira inalipo kale pa nthawiyo. Pa 24 September, 1929, James Doolittle ananyamuka, nazungulira, natera pa bwalo la Mitchel Field ku New York ali wophimbidwa, osaona kunja, akuyang'ana zipangizo zokha. Cacikuru mwa zipangizozo cioneka ngati wochi. Mkati mwake muli cithunzi ca kandeke ndi mzera woimira malekezero a thambo, kumwamba kwake mtundu wa thambo, kumunsi kwake mtundu wa dothi. Kumbuyo kwake kuli kagudumu kozungulira mwaliwiro ngati nguli, ndipo monga nguli ikana kugwa pamene ikuzungulira, kagudumuko kaima ciriri ngakhale ndeke ipendeke. Ndeke zambiri zatsopano zisonyeza cithunzi comweco pa galasi longa la wailesi ya kanema.

Cipangizo cimeneci cinalimo mu ndeke ya Bambo Kennedy, patsogolo pa maso ao. Kuciwerenga sikubvuta. Cobvuta ndi kucikhulupirira pamene thupi lonse likufuula zosiyana naco, ndipo luso limeneli libwera ndi kubwerezabwereza kokha. Ku America wofuna laisensi yoyamba aphunzira zipangizo maola atatu cabe, okwanira kutembenuka ndi kuthawa mtambo. Wofuna cilolezo ceniceni couluka ndi zipangizo afunika maola 40 kapena kuposapo, ndi mayeso ake, ndipo akakhala nthawi osacita lusolo lizimirira.

OIMBA NDI WOSEWERA MPIRA

Zaka 40 ngozi ya Bambo Kennedy isanacitike, pa 3 February, 1959, oimba atatu ochuka a ku America anafa mwa njira yomweyo. Iwo anali Buddy Holly wa zaka 22, Ritchie Valens wa zaka 17 ndi J.P. Richardson wa zaka 28. Basi yao inali kufaifa pa njira m'nyengo yozizira kwambiri, motero atatsiriza kuimba ku Clear Lake, m'cigawo ca Iowa, anacita hayala ndeke yaing'ono kuti akafike msanga kumene anayenera kuimba mawa lake. Woyendetsa wake, Roger Peterson, anali mnyamata wa zaka 21. Anali atauluka maola 711, koma analibe cilolezo couluka ndi zipangizo. Ananyamuka itangotsala pang'ono kukwana 01.00 usiku, kumwamba kuli mitambo, pansi kuli minda yopanda nyali. Cipangizo cosonyeza kupendeka ca mu ndekeyo cinali ca mtundu wina, cosonyeza kukwera ndi kutsika mosiyana ndi cimene iye anaphunzirira. Ofufuza anati mwina anayesa kuti akukwera pamene anali kutsika. Ndekeyo inagwera m'munda makilomita osakwana 10 kucokera pa bwalo, ndipo onse anai anafera pomwepo.

Okonda mpira akumbukira Emiliano Sala wa ku Argentina, wa zaka 28, amene timu ya Cardiff City inamgula ku timu ya Nantes ya ku France ndi mapaundi 15 miliyoni. Pa 21 January, 2019, anakwera ndeke yaing'ono ya Piper Malibu kucoka ku Nantes kupita ku Cardiff, kuti akayambe kuphunzira ndi anzake atsopano m'mawa mwake. Ulendowo unakonzedwa kuti ukhale wa m'mawa, koma unasinthidwa kukhala wa usiku. Woyendetsa wake, Bambo David Ibbotson, a zaka 59, anali atauluka zaka zambiri usana, koma analibe cilolezo couluka usiku, ndiponso laisensi yao sinali yowalola kunyamula anthu molipiritsa. Ali pamwamba pa nyanja ya pakati pa France ndi England, pafupi ndi cisumbu ca Guernsey, anakhota, mwina pothawa mitambo ya mvula, ndipo ndeke inawapulumuka nithyoka isanafike pa madzi. Lipoti la mu March 2020 linaonjeza kuti utsi wakupha wa mu injini unalowa mkati mwa ndeke, ndipo uyenera kuti unafoketsa woyendetsayo. Mtembo wa Sala unapezeka, koma wa Bambo Ibbotson sunaoneke. Mu November 2021 bwalo la milandu la ku Cardiff linalamula David Henderson, amene anakonza ulendowo, kukhala m'ndende miyezi 18.

Nkhani ya Bambo Ibbotson isonyeza kuti kusazolowera sikuwerengedwa ndi imvi. Munthu angauluke usana moyo wake wonse, koma pa za mdima nkukhala mwana. Ndiponso ngozi zitatuzi zifanana pa cinthu cina: pa ulendo uli wonse panali cinthu cowadikira kutsogolo, ukwati, gule ndi mpira, ndipo woyendetsa anaona kuti nkobvuta kunena kuti iai. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono nkudekha, koma kudekha kubvuta pamene anthu olemekezeka aima pafupi ndi ndeke, katundu ali m'manja.

MDIMA WA KUNO KWAO

Zimene zinasokeretsa anthu amenewa zipezeka zonse m'dziko lino, mwinanso kuposa kwao. Kuno dzuwa likalowa mdima sucedwa: theka la ola lisanathe kwada bii. Pamwamba pa cigwa ca Luangwa, nkhalango ya Kafue, madambo a Bangweulu kapena nyanja ya Kariba, woyendetsa ndeke angayende mtunda wautali osaona nyali ndi imodzi yomwe, ndipo usiku wopanda mwezi malo otere salekana ndi nyanja imene inameza banja la Kennedy. Kuyambira August kufikira October, pamene anthu aocha chire, utsi ndi fumbi zidzaza mlengalenga, kotero kuti ngakhale usana mapiri a patali saoneka ndipo dzuwa lilowa liri psuu lisanafike pansi. Cimeneco ndico cifunga cofafaniza malekezero a thambo. M'dzinja namo mitambo ya mvula iunjikana madzulo, ndipo nkhungu iphimba mapiri a Muchinga.

Mabwalo akuluakulu, monga la Kenneth Kaunda ku Lusaka, la Simon Mwansa Kapwepwe ku Ndola ndi la Harry Mwaanga Nkumbula ku Livingstone, ali ndi nyali ndi anthu otsogolera ndeke pa wailesi. Ndeke zazikulu zotera kumeneko usiku ziyendetsedwa ndi anthu awiriawiri ophunzira bwino za zipangizo, amene ayesedwanso nthawi ndi nthawi. Koma mabwalo ambiri a kumidzi ndi a dothi kapena udzu, opanda nyali ndi opanda mpanda. Malaisensi a oyendetsa ndeke m'dziko lino aperekedwa ndi bungwe la Zambia Civil Aviation Authority, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2012, ndipo laisensi iri yonse inena zimene mwini wake aloledwa kucita. Woyendetsa akakana ulendo wa usiku, iye adziwa zimene zalembedwa m'laisensi yake, zipangizo zimene ziri mu ndeke yake, ndi bwalo limene akupitako.

MBALI YA ANTHU A M'MIDZI

Pa nkhani imeneyi anthu a m'midzi ali ndi mbali yao. Wodwala akayamba kufoka, makamaka mai wapakati amene zinthu sizikuyenda bwino, abale ayenera kupita naye ku cipatala m'mawa, kuti ngati kufunika ndeke anchito a pa cipatala aiitane dzuwa likali pamwamba. Banja limene licedwa kukambirana kufikira madzulo liika woyendetsa ndeke pakati pa moyo wa wodwala mmodzi ndi miyoyo ya onse okwera. Ndeke yogwa sifikitsa wodwala ku cipatala.

Woyendetsa akanena kuti agona ndipo anyamuka mbandakuca, mau ake alemekezedwe. Mafumu, akuluakulu a boma ndi eni cuma amene alipira ulendo asamkakamize kapena kumnyoza kuti ndi wamantha, makamaka akakhala wacinyamata amene angacite manyazi kukana munthu wamkulu. Kumpatsa malo ogona ndi kuika alonda pa ndeke ndiko kumthandiza. Wocita hayala ndeke ali ndi ufulu wofunsa ngati kampaniyo iri ndi cilolezo conyamula anthu, ndiponso ngati woyendetsayo aloledwa kuuluka usiku ndi m'mitambo. Safunsa anadya phula.

Bwalo la ndeke lisakhale busa la ng'ombe ndi mbuzi kapena njira ya ngolo. Maenje akwiriridwe, zulu zoyamba kumera zigumulidwe, ndipo udzu ucekedwe. Pa tsiku limene ndeke ikuyembekezeka, chire la pafupi ndi bwalo lisaochedwe. Ndeke ikacedwa nifika kuli cisisira, anthu asaiwalitse m'maso ndi matochi kapena nyali za galimoto. Maso a munthu atenga pafupifupi theka la ola kuzolowera mdima, koma kuwala kwa kamphindi kafafaniza zonsezo. Woyendetsa akapempha kuti magalimoto aunikire bwalo, aime monga iye wanenera.

Anthu akamva ndeke ikulira mozungulirazungulira usiku, kenaka phokoso ndi kukhala cete, asunge nthawi yake ndi mbali imene phokosolo lacokera, ndipo adziwitse anyakwawa ndi apolisi msanga. Ofika pamalopo athandize obvulala, osayatsa moto kapena fodya cifukwa ca mafuta, ndipo asatole kanthu. Kacidutswa kamene mwana angatenge kukaseweretsa kangakhale komwe kakanauza ofufuza cimene cinacitika, monga zidutswa zobvuulidwa pansi pa nyanja zinasonyeza kuti ndeke ya Bambo Kennedy inalibe cilema.

Ukwati umene banjalo linali kuthamangira unali wa tsiku lotsatira, pa Ciweru, ndipo ulendo wonse unali wopitirira pang'ono ola limodzi. Alendo amene anasonkhana ku Hyannis Port kudzakondwera anakhala m'mapemphero kudikira uthenga wa ku nyanja, ndipo ukwatiwo unaimitsidwa.